Kapepala ka mafunso 12 kasakhale woweruza wanu

Tiyerekeze. Mwadikira miyezi ingapo chichokereni kwa GP, ndipo tsiku lokaonana ndi a zamaganizo lafika. Mwakwera basi m'mamawa kukuzizira, mwakhala pampando m'chipinda chodikirira. Musanaone nkhope ya dokotala, akupatsani pepala ndi cholembera kuti muyambe mwayankha mafunso. Loyamba likufuna kudziwa ngati nthawi zambiri simudziwa kuti ndinu ndani kwenikweni. Pambali pake pali timabokosi tinayi, kuyambira kokana kotheratu mpaka kovomera kotheratu. Chongani kamodzi.

Inu munabadwira ku Leicester, ku Luton kapena ku Glasgow. Pakhomo mumadya nsima ndi manja, ndipo chinthu chochokera kwa akuluakulu mumalandira ndi manja awiri. Kusukulu akhala akukufunsani chiyambire muli wamng'ono kuti kwanu kwenikweni ndi kuti. Mutapita ku Malawi patchuthi, asuweni anu a ku Ndirande anaseka Chichewa chanu n'kukutchani mzungu. Ndiye muchonga kabokosi kati? Ambiri mwa inu, mukafuna kunena zoona, muchonga kachitatu kapena kachinayi. Pamenepo pepala lija lakuwerengerani kale malikisi a matenda.

Pepala limeneli sitinalipeke ife. Dzina lake ndi LPFS-BF 2.0, lili ndi mafunso 12, ndipo analikonza ndi akatswiri a ku Netherlands, Laura Weekers, Joost Hutsebaut ndi Jan Kamphuis, n'kulifalitsa mu 2019. Ntchito yake ndi kuyeza kukula kwa vuto limene madokotala amalitcha personality disorder, pogwiritsa ntchito mayankho a mwiniwake. Si chipatala chilichonse chimene chingakupatseni pepala ili, koma chizolowezi choyeza maganizo a munthu ndi mafomu chinakhazikika kale kuno ku Britain. Amene munapitako ku NHS Talking Therapies mukudziwa kuti ulendo uliwonse mumadzaza mafomu a PHQ-9 ndi GAD-7 musanayambe kulankhula.

Mlandu wathu ndi uwu. Fomu imene munthu amadzaza yekha ikhoza kutsegula kukambirana, koma ikaloledwa kugamula kuti mwana wokulira pakati pa miyambo iwiri ali ndi vuto lochepa, lapakatikati kapena lalikulu, idzalakwitsa, ndipo idzalakwitsa mbali ziwiri. Ena mwa inu idzakupakani matenda amene mulibe. Ena, amene mukuvutikadi, idzakubwezani kunyumba kuti muli bwino. Amene adzalipire kulakwitsa kumeneku ndinu, osati amene anasindikiza fomuyo.

Tisanapitirire, tigwirizane kuti vutoli lilipo ndithu. Pakhomo sitilitchula dzina. Timangoti mwana uyu ngovuta, ngwamtima wapachala, sakhalitsa ndi anzake, lero akukonda mawa akuda. Madokotala akamati personality disorder amanena vuto lokhalitsa la mmene munthu amadzionera yekha ndi mmene amakhalira ndi anthu ena, lofika posokoneza sukulu, ntchito, chibwenzi ndi banja. Limapweteka mwiniwake kuposa mmene limatopetsera omuzungulira. Ena amadzicheka, ena amayesa kudzipha, ndipo ena amafadi. Aliyense wokuuzani kuti awa ndi matenda a azungu okha akunama.

Kwa zaka zambiri madokotala ankagawa vutoli m'mitundu. Buku la madokotala a ku America, DSM, lili ndi mitundu khumi, ndipo ina mumaidziwa chifukwa imatchulidwa tsiku ndi tsiku pa TikTok: borderline, narcissistic, antisocial. Kagawidwe kameneka kanali ndi mabowo. Munthu mmodzi ankapezeka m'mitundu itatu nthawi imodzi, wina wovutika kwambiri osakwanira mu mtundu uliwonse. Mu 2013, DSM-5 inaika njira ina kumapeto kwa bukulo, yoyeza kukula kwa vuto poyang'ana zinthu zinayi: kudzidziwa, kudzitsogolera pa moyo, kumvetsa anthu ena, ndi kutha kukhala pa ubale wozama. Bungwe la WHO linapita patsogolo kuposa apo. M'buku lake la ICD-11, limene linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, mitundu yakale ija inachotsedwa, kupatula chizindikiro cha borderline chimene anachisiya ngati chowonjezera. Tsopano funso lalikulu ndi lakuti vutolo ndi lochepa, lapakatikati kapena lalikulu. Gulu limene linakonza zimenezi ankalitsogolera Peter Tyrer wa ku Imperial College London. Kukula kukangokhala funso lalikulu, pamafunika sikelo, ndipo masikelo anabwera: ya Leslie Morey ya mafunso 80 mu 2017, ya SASPD ya mafunso 9 mu 2018, ya PDS-ICD-11 ya mafunso 14 imene Bo Bach wa ku Denmark ndi anzake anatulutsa mu 2021, ndi ya mafunso 12 ija.

Amene amaikira kumbuyo mafomu amenewa ali ndi mfundo, ndipo sitiibisa. Kale chigamulo chinali m'mutu mwa dokotala yekha, ndipo mutu wa dokotala si woyera ngati jekete lake. Mu 1988, Glyn Lewis ndi Louis Appleby anatumizira madokotala a zamaganizo a kuno nkhani ya wodwala mmodzi. Ena anauzidwa kuti wodwalayo anapezekapo ndi personality disorder, ena sanauzidwe. Amene anaona dzinalo anamuona wodwalayo ngati wovuta, wofuna kungokopa chidwi, wosayenera kumutayira nthawi. Nkhani yofanana, dzina lokha ndilo linasintha mitima. Zinafika poti mu 2003 boma linachita kutulutsa chikalata chouza zipatala kuti dzinali lisakhalenso chifukwa chokanira munthu chithandizo. Poyerekeza ndi zimenezo, fomu ili ndi ubwino wake. Imafunsa aliyense mafunso ofanana, siyang'ana khungu kapena tsitsi, ndipo imapatsa wodwala mpata wonena yekha. Amene anaikonza ya mafunso 12 ija sanaikonze kuti ikhale chigamulo, anaikonza kuti ikhale chounikira choyamba. Vuto limabwera pamene chipatala chili ndi mzere wautali wa odikira ndi antchito ochepa. Nambala imafulumira kuposa kukambirana, ndipo chimene chinapangidwa kuti chiyambitse nkhani chimasanduka chotsekera nkhani.

Sikelo iliyonse imayesedwa kaye pa anthu ena isanayambe kuyeza inu. Mu 2010, Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan anakumbutsa dziko kuti mwa anthu 100 alionse amene anagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku wofalitsidwa m'magazini akuluakulu a psychology, 96 anachokera m'mayiko okhala ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. Mafomu tikunenawa anabadwira m'mayiko omwewo. N'zoona kuti ena amasuliridwa m'zilankhulo zambiri, koma inu vuto lanu si chilankhulo. Chingerezi mumachidziwa, mwina kuposa amene akukupatsani pepalalo. Chimene chimasiyana ndi tanthauzo la funso m'moyo wanu.

Tengani gawo la kudzitsogolera. Funso lina limafuna kudziwa ngati mulibe chithunzi cha kumene moyo wanu ukulowera. Wolemba funsoli akuganiza za munthu amene amasankha yekha njira yake, ndipo akalephera kusankha ndiye kuti m'kati mwake muli chosweka. Nanga mwana amene mayi ake agwira ntchito ya unamwino usiku kwa zaka makumi awiri, akulipirira sukulu ana a achimwene awo ku Kasungu, ndipo anagamula kale kuti iye adzakhala dokotala kapena loya pamene mtima wake uli pa nyimbo? Akunena zoona akachonga kuti sakudziwa kumene akupita. Ali pamkangano ndi banja limene amalikonda, ndipo mkangano si matenda. Nanga amene mapepala ake sanalongosoke? Kuyambira pa 1 Januwale 1983, kubadwira ku Britain pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo ake sali nzika kapena alibe chilolezo chokhazikika, ndipo mu 2018 kulembetsa unzika wa mwana kunkadya mapaundi oposa 1,000. Alipo achinyamata amene ali panjira ya zaka khumi, akukonzetsa chilolezo miyezi 30 iliyonse. Mu 2015, Supreme Court inaweruza mlandu wa mtsikana wobadwira ku Zambia, amene anabwera kuno ali ndi zaka 6, n'kuphunzira sukulu yake kuno, koma anakanizidwa ngongole ya ku yunivesite chifukwa cha mtundu wa chilolezo chake. Anapambana mlanduwo. Mukanamupatsa fomu chaka chimene anzake ankanyamuka kupita ku yunivesite iye n'kutsala, mukuganiza kuti akanachonga chiyani pa funso la tsogolo?

Gawo la kumvetsa ena nalo ndi chimodzimodzi. Limafunsa ngati simumvetsa chifukwa chimene khalidwe lanu limakhudzira anthu mwanjira inayake. Munakulira ndi malamulo awiri otsutsana. Mukayang'ana pansi pamaso pa mphunzitsi posonyeza ulemu, iye amati mukubisa kanthu. Mukayang'ana amayi m'maso monga anakuphunzitsirani kusukulu, mwachita mwano. Mukakhala chete ndinu wonyada, mukakweza mawu pang'ono ndinu woopsa, makamaka mukakhala mnyamata wakuda wamtali. Kudabwa ndi mmene anthu amakuonerani m'dziko lotere ndi umboni wakuti maso anu akuona bwino. Za ubale wozama sitichita kutalikitsa. Amene anabisa chibwenzi kwa makolo zaka zitatu, kapena amene analeredwa ndi agogo mpaka zaka khumi n'kudzakumana ndi mayi ake pa Heathrow ngati mlendo, ali ndi chifukwa chochitira mantha munthu akamuyandikira.

Chimene chimatikwiyitsa n'chakuti buku la WHO lomwelo limavomereza zonsezi. ICD-11 imanena kuti vutoli liyenera kukhala lokhalitsa, ngati zaka ziwiri kapena kuposa, lisakhale chabe zimene zimachitika pa msinkhu umene munthu ali, ndipo lisakhale chinthu chimene chingafotokozedwe makamaka ndi chikhalidwe kapena mmene zinthu zilili pamalo amene munthuyo akukhala. Ndiye tiuzeni, ndi kabokosi kati pa anayi aja kamene kamafunsa kuti zinayamba liti? Ndi kati kamene kamasiyanitsa mwana amene sadzidziwa chifukwa m'kati mwake muli phompho, ndi mwana amene akudzifunsa mafunso amene mwana aliyense wa obwera amadzifunsa ali ndi zaka 19? Onse awiri achonga malo amodzi. Akatswiri amadziwanso kuti munthu akadzaza fomu yotere ali pakati pa matenda a depression, amadziona woipa pa chilichonse, ndipo malikisi amakwera. Wolephera mayeso sabata yatha, woferedwa agogo amene sanathe kupita kukawaika, adzaoneka wodwala kwambiri Lachiwiri lino kuposa mmene adzaonekere pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Malikisi si mphini, koma akalowa mufayilo amakhalitsa ngati mphini.

Komabe mbali imene imatidetsa nkhawa kwambiri ndi inayo, ya malikisi otsika. Tonse tikudziwa yankho la funso lakuti muli bwanji. Munthu ali gone m'chipatala, madiripi ali m'manja, amayankha kuti ndili bwino, kaya inu. Tinaphunzira tili ana kuti za m'nyumba sizituluka panja, kuti kudandaula ndi kusayamika, kuti mwamuna salira. Fomu ikafunsa ngati chinthu chimakuchitikirani "nthawi zambiri", mumadziyerekeza ndi ndani? Steven Heine yemwe uja ndi anzake anasonyeza mu 2002 kuti poyankha mafunso otere anthu amadziyeza ndi amene awazungulira, moti mayankho a anthu a zikhalidwe zosiyana sangangoikidwa pa sikelo imodzi. Inu muyezo wanu anakupatsani ndi amayi tsiku limene munalira n'kukuuzani kuti anzanu kumudzi akupita kusukulu opanda nsapato, inu mukulira chiyani muli ndi hita ndi furiji yodzaza. Mtsikana amene wakhala akudzicheka m'ntchafu kuyambira ali ndi zaka 14 akhoza kuchonga kabokosi kachiwiri pa mafunso onse, osati ponama, koma chifukwa anaphunzitsidwa kuti ululu wake ndi waung'ono. Palinso msampha wina umene uli m'kati mwa njira yomweyi. Tikupempha munthu amene vuto lake ndi kusadzimvetsa kuti adzifotokoze yekha molondola. Ofufuza monga Thomas Oltmanns ndi Eric Turkheimer anayerekeza zimene anthu amanena za iwo eni ndi zimene anzawo owadziwa amanena, n'kupeza kuti zimagwirizana pang'ono chabe.

Onjezerani mantha. Makolo athu ambiri amakhulupirira kuti chimene walemba kuchipatala chimakafika kwa a social services kapena ku Home Office, ndipo inu munamva machenjezo amenewa kukhitchini. Musawaseke. Mu 2017 panali mgwirizano wolembedwa wolola kuti Home Office izipeza maadiresi a odwala kuchokera ku NHS pofufuza za mapepala, ndipo unathetsedwa mu 2018 anthu atachita phokoso. Sunkakhudza zimene wodwala wauza dokotala, koma chikhulupiriro chikasweka sichifunsa kuti ndi ndime iti ya mgwirizano. Wamisala anaona nkhondo. Mwana wa m'banja lotere akapatsidwa pepala lofunsa ngati amaganiza zodzivulaza kapena kuvulaza ena, osauzidwa amene adzaliwerenge, dzanja lake limadziwa kale kumene lichonge.

Malikisi otsika ali ndi mtengo wake. Ziwerengero za NHS zakhala zikusonyeza chaka ndi chaka kuti ku England anthu akuda amatsekeredwa m'chipatala pansi pa Mental Health Act kuwirikiza katatu kapena kuposa poyerekeza ndi azungu. Kumbali ina, mu 2010 ofufuza a ku London, mmodzi mwa iwo Kamaldeep Bhui, anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti dzina la personality disorder limaperekedwa kwa anthu akuda mocheperapo kusiyana ndi azungu. Wina angati ndi mwayi, popeza dzinalo ndi lolemera. Ife sitikuona mwayi. Chithandizo chimene chimathandiza pa vutoli ndi cholankhulana: DBT imene anayambitsa Marsha Linehan ku America, ndi MBT ya Anthony Bateman ndi Peter Fonagy ya ku London konkuno. Malangizo a NICE a mu 2009 amanena kuti mankhwala asaperekedwe ngati chithandizo cha borderline penipenipo. Ndipo anthu amachira. Kafukufuku wa Mary Zanarini ku McLean Hospital, amene anatsatira odwala kwa zaka zambiri, anapeza kuti pofika zaka khumi ambiri mwa iwo sankakwaniranso pa dzinalo. Khomo la chithandizo chimenechi ndi lopapatiza, ndipo ngati mlonda wapakhomopo ndi nambala, mwana wathu woyankha kuti ndili bwino adzabwezedwa. Adzabweranso pakapita zaka, usiku, atakwera galimoto ya apolisi, ndipo pamenepo sadzamupatsa mpando wolankhulirana. Adzamubaya jakisoni.

Mawu akuti "lalikulu" nawo ali ndi mbiri m'dziko lino. Mu 1999 boma linabweretsa dzina lakuti Dangerous and Severe Personality Disorder, limene silinachokere m'buku lililonse la madokotala, ndipo linatsegula zigawo zapadera m'ndende za Whitemoor ndi Frankland ndi m'zipatala za Rampton ndi Broadmoor. Madokotala ambiri analitsutsa, ndipo kuyambira mu 2011 ndondomekoyo inayamba kulowedwa m'malo ndi ina. ICD-11 si imeneyo, koma nayo imagwirizanitsa vuto lalikulu ndi chiopsezo chodzivulaza kapena kuvulaza ena. Ganizirani namwino wotopa wa ku A&E, nthawi ili 3 koloko m'bandakucha, akutsegula fayilo ya mnyamata wakuda n'kuona mawu akuti severe. Sadzafunsa kuti anachokera pa kukambirana kwa maola atatu kapena pa pepala lodzazidwa m'mphindi zisanu. Liwu lolemera chonchi lisalembedwe pa dzina la munthu popanda dokotala wophunzira kukhala naye pansi, kangapo, ndi kumva mbiri yake.

Akatiuza kuti kukonza sikelo yoyenera anthu athu n'kovuta kapena n'kodula, tiziwalozera kumwera. Ku Harare, Vikram Patel ndi anzake anayamba ndi kumvetsera mawu amene odwala, anamwino ndi asing'anga ankagwiritsa ntchito ponena za kuvutika maganizo, ndipo mu 1997 anatulutsa Shona Symptom Questionnaire ya mafunso 14. M'menemo muli kufungisisa, chimene ife timati kuganiza kwambiri. Fomu imeneyi ndi imene inadzagwiritsidwa ntchito pa Friendship Bench ya Dixon Chibanda, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumvetsera. Onani dongosolo lake: fomu kaye, kenako munthu wa makutu. Ku Malawi, Robert Stewart ndi anzake anamasulira fomu ya WHO yotchedwa SRQ m'Chichewa, n'kuiyesa pa amayi a ana aang'ono poyerekeza mayankho awo ndi zimene anapeza powafunsa maso ndi maso, ndipo anafalitsa zotsatira mu 2009. Mafomu awiriwa amayeza nkhawa ndi kukhumudwa, osati personality disorder, koma phunziro lake ndi limodzi: sikelo imayamba yayesedwa pa anthu amene ikukawayeza. Ngati zinatheka ku Harare ndi ku Malawi ndi ndalama zochepa, dziko lokhala ndi mayunivesite ngati a kuno lilibe pothawira.

Mu 2023 NHS England inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Patient and Carer Race Equality Framework, yokakamiza mabungwe oyendetsa zipatala za maganizo kuti aziona mmene amathandizira anthu a mitundu yosiyanasiyana ndi kumvera madera awo. Tiigwiritse ntchito. Chipatala chilichonse chimene chimagwiritsa ntchito fomu posankha wolandira chithandizo chinene poyera kuti ndi fomu iti, malire a malikisi ali pati, ndipo ndi angati mwa obwezedwa amene ndi akuda. Chisonyeze umboni wakuti mafunsowo amayeza chinthu chofanana mwa mwana wa ku Surrey ndi mwa mwana wa Mmalawi wa ku Leicester. Ndipo asatiuze kuti anayesa pa gulu la Black African, ngati kuti Msomali, Mnaijeriya ndi Mchewa analeredwa pa mkeka umodzi.

Pamene tikulimbana ndi zimenezo, inu mukapatsidwa pepala musalikane, ndipo musaname. Kunama kuti muoneke bwino kukubwezetsani kunyumba, kukokomeza kuti akumveni kukusiyirani dzina lolemera. Chongani zoona, kenako lembani m'mphepete. Palibe lamulo loletsa kulemba pafomu kuti yankho ili likukhudza mapepala anga, kapena kuti izi zayamba agogo atamwalira mu Epulo. Ngati ndi ya pafoni yopanda malo olembapo, lembani papepala lanu mupite nalo. Safunsa anadya phula, choncho funsani: fomu iyi dzina lake ndi chiyani, adzaiona ndani, ndipo malikisi ake agamula chiyani? Pemphani kuti mudutse mayankho anu limodzi ndi amene akukuonaniyo, funso ndi funso. M'buku la DSM-5 muli mafunso 16 otchedwa Cultural Formulation Interview, okonzedwa kuti dokotala amve mmene inu ndi banja lanu mumalionera vutolo. Atchuleni dzina, muone ngati akuwadziwa. Mukhoza kupita ndi munthu amene mumamukhulupirira, kaya mchemwali, kaya azakhali amene sapititsa nkhani pa gulu la WhatsApp la banja. Malamulo a kuno amakupatsani ufulu wopempha kuona zimene zalembedwa mufayilo yanu, kawirikawiri kwaulere, ndipo amayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Mukapeza cholakwika mukhoza kupempha kuti chikonzedwe, ndipo ngati ndi maganizo a dokotala amene simukugwirizana nawo, pemphani kuti kutsutsa kwanu kulembedwe pambali pake. Zikakanika, ku England zipatala zili ndi ofesi ya PALS yolandira madandaulo.

Zimene tanenazi zikukhudzanso timafunso ta pa intaneti timene mumatumizirana usiku. Ngati fomu yokonzedwa ndi akatswiri singagamule yokha, kuli bwanji kamene kanalembedwa kuti kakope anthu odina? Tamva achinyamata akudzitcha borderline, kapena kutcha abambo awo narcissist, chifukwa cha kavidiyo ka mphindi imodzi. Mwina kavidiyoko kakhudza bala lenileni. Ngati ndi choncho, balalo likaonedwe ndi munthu wodziwa. Ndipo ngati usiku uno maganizo odzipha akukuzungulirani, musadikire fomu ya aliyense: imbani 999 ngati moyo uli pachiswe, kapena 111, kapena a Samaritans pa 116 123, nambala yaulere imene imayankhidwa usana ndi usiku.

Amene mungathe, awerengereni amayi ndi abambo ndime iyi. Amayi, abambo, mwana akapempha kukaonana ndi a zamaganizo sanakuchititseni manyazi, ndipo musamutume ndi malangizo akuti akanene kuti zonse zili bwino. Pempherani naye ngati mumapemphera, koma mupite nayenso. Dokotala akafuna kudziwa mmene mwanayu analili ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chaka chimene munasamuka katatu, kapena nthawi imene munamusiya ndi agogo kuti mudzakonze malo kuno, mbiri imeneyo ili ndi inu, ndipo palibe fomu imene ili nayo. Mwanayo akalola kuti mulowe m'chipindamo, kainene yonse, ngakhale zimene simunauzepo abusa.